Musanalipire njinga ya mpikisano, werengani nambala ya pa tayala

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi achinyamata a kuno ku Salima ndi anzathu a ku Nkhotakota amene akusunga ndalama zoti agule njinga ya mpikisano, ija ya matayala owonda ndi mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Zambiri zimene munthu wa ndalama zochepa angazifikire ndi zogwiritsidwapo kale ntchito, zochokera ku Japan ndi ku Ulaya. Chimandiwawa n'chakuti njinga yotere imayenda miyezi iwiri itatu, kenako n'kuitsamiritsa kuseri kwa chitseko, fumbi lili mbuu, chifukwa chosowa kachipangizo kamodzi. Mwiniwake adakhuthula ndalama zonse tsiku logula, osasiyako ngakhale ya chubu. Njinga yotchipa yeniyeni ndi imene mmisiri wa pansi pa mtengo wa mango angathe kuikonza ndi zipangizo zopezeka, ndipo izi zimaoneka munthu asanapise dzanja m'thumba.

Poyamba tigwirizane za ntchito yake. Njinga iyi ndi ya pa tara, yonyamula munthu mmodzi ndi botolo la madzi. Siya kabaza, siyonyamulira thumba la mpunga kapena dengu la usipa, ndipo mumchenga wa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja tayala lake limangomira. Ngati ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku theka lake ndi mchenga, gulani ya mauntini kapena yakuda ija ya makolo, simudzadandaula.

Tsopano nkhani ya tayala, pamene ambiri amagwera m'mbuna. M'mbali mwa tayala lililonse mumalembedwa manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere, monga 25-622. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiriyo ndi kukula kwa limu pamene pamakhala mlomo wa tayala, zonse m'mamilimita. Njinga za mpikisano za masiku ano ndi za 622, zimene zimalembedwanso kuti 700C. Zakale zina ndi za mainchi 27, ndipo nambala yake ndi 630. Njinga yakuda ya kabaza, ya 28 x 1½, ndi ya 635, pomwe ya mauntini ya mainchi 26 ndi ya 559. Chosokoneza n'chakuti ku Ulaya tayala la 622 amalitchanso la mainchi 28. Munthu amawerenga 28 pa tayala lake, n'kupita m'sitolo pa Kamuzu Road, n'kumupatsa la 28 la njinga yakuda, kufika kunyumba tayala lili lendelende pa limu chifukwa lakula ndi mamilimita 13. Mukalipopa limavuka ndipo chubu amaphulika. La 622 nalonso silingalowe pa limu ya 630, ngakhale mutalikakamiza bwanji, mumangodula waya wa m'mlomo mwake. Choncho musanayambe n'komwe kunenerera mtengo, lembani nambala ija papepala, muzungulire m'masitolo kufunsa ngati tayala ndi chubu zake zilipo kuno kapena mpaka ku Lilongwe, ndiponso mtengo wake. Pakati pa 622 ndi 630 sankhani 622, chifukwa ndi imene mafakitale akupangabe mochuluka.

Palinso mtundu wina wa matayala umene muyenera kuuthawa, womata ndi guluu pa limu, chubu wake ali wosokereredwa m'kati. Mukaphwetsa mpweya n'kukankha tayala ndi chala, mlomo wake osaoneka, ndiye kuti ndi limenelo. Likabooka, mmisiri wa pamsika sangalimate monga amamatira chubu wamba.

Vavu nayo muiyang'ane. Njinga zambiri za mpikisano zimabwera ndi vavu yowonda yokhala ndi kanati kumutu, yotchedwa Presta, ndipo pampu za amisiri ambiri n'zopangidwira vavu ya njinga yakuda kapena ya galimoto. Ena amaboola limu ndi dirilo kuti mulowe vavu yonenepa. Pa limu yopapatiza, bowo la mamilimita 8 ndi theka limadya chitsulo chambiri ndipo limu imatha kung'ambikira pomwepo. Kuli bwino kugula kachitsulo kolumikizira vavu ya Presta ku pampu ya galimoto, kakang'ono ngati nsonga ya chala, kapena kugula pampu yakeyake. Kumbukirani kumasula kanati kaja musanapope, apo ayi mpweya sulowa.

Kunenepa kwa tayala ndimakuika patsogolo kuposa dzina la njinga. Misewu yathu ili ndi maenje, m'mphepete mwa tara ndi mokumbika, ndipo galimoto yaikulu ikamabwera m'malo opapatiza a msewu wa M5 wapanjinga amakakamizika kutsikira pa dothi. Tayala la mamilimita 23 limafuna mpweya wochuluka, cha m'ma 100 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya wa m'tayala), ndipo pampu yapamanja yotchipa siyifikako. Mpweya ukachepa, tayala likagunda mlomo wa dzenje limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana ngati polumidwa ndi njoka. La mamilimita 28 kapena 32 limayenda bwino ndi mpweya wocheperapo, pakati pa 60 ndi 80 psi kwa munthu wa makilogalamu 70, ndipo silikuswani msana. Koma si fulemu iliyonse imene imalola tayala lonenepa. Yang'anani mpata wa pansi pa buleki, wa pa foloko, ndi wa pakati pa mapaipi awiri a kumbuyo kwa mapedulo. Tayala likalowa pazitsala mamilimita osachepera 4 mbali zonse, kuti matope ndi timiyala zizidutsa. Fulemu imene ili yothina kale ndi tayala la 23 isiyeni, ngakhale ikhale yokongola motani.

Pa msinkhu wa njinga musadalire maso. Imani opanda nsapato motsamira khoma, panani buku pakati pa miyendo molikweza mpaka ligunde, wina ayeze kuchokera pansi kufika pamwamba pa bukulo. Nambala imeneyo muichulukitse ndi 0.66, mupeza saizi ya fulemu. Wa masentimita 80 amafuna fulemu ya cha m'ma 53. Mukaichulukitsa ndi 0.883 mupeza kutalika kwa chishalo kuchokera pakati pa ekiselo ya mapedulo, ndipo kwa munthu yemweyo ndi masentimita 70 ndi theka. Mukaima mutatang'adza njinga, pakati pa inu ndi paipi ya pamwamba pazitsala mpata wa zala ziwiri. Yocheperako pang'ono imakonzeka pokweza chishalo, bola musapitirire kamzere kolembedwa pa paipi yake, chifukwa mukapitirira fulemu imang'ambika pakamwa. Yokulitsa ilibe mankhwala: khosi, mapewa ndi manja zidzakhala zikuwawa, ndipo mabuleki mudzawafikira movutikira.

Fulemu imakhala ya chitsulo, ya aluminiyamu kapena ya kaboni (ulusi wakuda womatidwa ndi pulasitiki yolimba). Tengani maginito a sipika ya wailesi yakutha popita kukagula. Akamata, ndi chitsulo. Kwa munthu wa ndalama zochepa ine ndimasankha chitsulo, makamaka cholembedwa Cr-Mo kapena 4130, chifukwa chikang'ambika wowotcherera ndi gasi amatha kuchilumikiza, ndipo chikapindika pang'ono chimawongoleka. Aluminiyamu ndi yopepuka ndipo siichita dzimbiri lofiira, koma ikang'ambika imafuna makina apadera ndi kuiwotchanso mu uvuni, zimene pa Salima simuzipeza, ndiye yang'anani bwinobwino m'malo onse owotcherera ngati muli kamzere kakuda konga tsitsi. Kaboni yogwiritsidwa kale ntchito musayese n'komwe. Imatha kusweka m'kati kunja kukuoneka bwino, ndipo tsiku lothyoka siichenjeza.

Penti watsopano pa njinga yakale akuchititseni kukayika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yendetsani chala pansi pa mapaipi awiri amene amakumana pakhosi pa njinga, pamene pamalowa foloko, masentimita ochepa kuchokera pamene alumikizana. Mukamva kotupa kapena makwinya, kapena penti wasweka mozungulira, njingayo idagunda chinthu kutsogolo. Imani pambali muyang'ane foloko: kumtunda kwake kuzitsata mzere wa khosi, ikabwerera m'mbuyo ndiye kuti idapindika. Kenako tengani ulusi, mumange pamene pamalowa ekiselo ya kumbuyo, muuzungulitse pakhosi, n'kuubweza ku mbali inayo. Yezani mpata wa pakati pa ulusi ndi paipi ya chishalo kumanja ndi kumanzere. Kusiyana kukaposa mamilimita 3, fulemu ndi yokhota, njingayo izikokera mbali imodzi ndi kudya matayala mopendekera. Ya chitsulo muitembenuzenso muone pansi pa mapedulo ndi pa mapaipi a kumbuyo, pamene madzi amakhazikika. Dzimbiri la pamwamba limachoka ndi sandipepa, koma lotupitsa penti ngati matuza ladya kale kuchokera m'kati.

Pali chinthu china chimene ogula ambiri sachiyesa: masulani bauti ya chishalo muone ngati paipi yake ikukwera ndi kutsika. Paipi ya aluminiyamu ikakhala zaka m'fulemu ya chitsulo popanda girizi, ziwirizi zimagwirana ngati zowotcherera, ndipo pozilekanitsa nthawi zambiri fulemu imawonongeka. Wogulitsa akakana kuti mumasule, dziwani kuti pali chifukwa. Chitani chimodzimodzi ndi paipi yogwira mahandulo.

Mawilo ndiwo amadya ndalama zambiri akakhala oipa. Werengani masipoko. A 32 kapena 36 ndiwo oyenera misewu yathu, chifukwa imodzi ikaduka mumafika kunyumba ndipo mmisiri aliyense amailowetsa. Mawilo a masipoko 16 kapena 20 amakongola, koma imodzi ikangoduka limu imakhota mpaka kukhula fulemu, ndipo sipoko yake ndi yapadera. Zungulitsani wilo mukuyang'ana mpata wa pakati pa limu ndi labala wa buleki. Kuvina kwa milimita imodzi kapena ziwiri kumawongoleka ndi kiyi wa masipoko, bola timanati take tisakhale togwira dzimbiri, choncho yesani kupotoza tiwiri titatu. Limu yophwanyika pa dzenje, imene imadumpha pozungulira, siwongoka. Gwirani ndi chala pamene pamakhula buleki: pakakhala polowa m'kati ngati supuni, khoma la limu latha, ndipo tsiku lina lidzang'ambika ndi mphamvu ya mpweya. Yang'ananinso ming'alu mozungulira mabowo a masipoko, makamaka wilo la kumbuyo mbali ya tcheni. Limu za chitsulo zonyezimira zija sizigwira buleki mvula ikagwa, za aluminiyamu ndizo zabwino.

Mabelingi ali m'malo anayi, ndipo kuyesa kwake n'kofanana. Gwedezani wilo lililonse cham'mbali, gwedezani mkono wa pedulo cham'mbali, kenako gwirani buleki ya kutsogolo n'kukankha njinga kutsogolo ndi kumbuyo mukumvetsera pakhosi. Kugwedera pang'ono kumatha pomanga makoni, timanati tofinya timipira ta m'mabelingi. Choopsa ndi kukukuta ngati muli mchenga, kapena mahandulo kumakodwa pakati mukamawatembenuza. Habu ya makoni ndi timipira tachitsulo ndi yabwino kwa ife: kawirikawiri kumbuyo kumalowa timipira 9 ta kota ya inchi mbali iliyonse, kutsogolo 10 tocheperapo, ndipo timeneti timapezeka. Koma kapu ya m'kati mwa habu ikakumbika, ndiye kuti habu yonse yatha. Pa mapedulo sankhani fulemu ya bowo la mazinga, ya ekiselo ya nsonga za makona anayi, imene zipangizo zake zimafanana ndi za njinga zambiri za mauntini. Muwakumbutse amisiri kuti pedulo ya kumanzere imamasukira mbali yosemphana ndi mabauti ena, chifukwa mikono yambiri ya aluminiyamu imaphedwa mazinga ndi munthu wokakamira mbali yolakwika.

Tcheni chimayezedwa ndi lula wa kusukulu. Chatsopano, mukaika poyambira lula pakati pa pini imodzi, pa mainchi 12 ndendende, amene ndi mamilimita 305, pamakhalanso pakati pa pini ina. Pini imeneyo ikapitirira ndi milimita imodzi ndi theka, tcheni chatha koma mano angapulumuke. Ikapitirira ndi mamilimita 3, tcheni chadya kale mano a kumbuyo, ndipo mukaika chatsopano chizidumpha nthawi iliyonse mukaponda mwamphamvu. Mano otha amasongoka n'kupindikira mbali imodzi ngati mbedza. Apa simuyenera kuthawa njinga, koma mtengo wa tcheni ndi mano uchotsedwe pa mtengo wake.

Anyamata amakonda kufunsa kuti magiya ndi angati, poganiza kuti ochuluka ndiwo abwino. Kwa thumba lochepa, magiya 7 kapena 8 kumbuyo ndiwo abwino. Tcheni cha magiya 6, 7 ndi 8 ndi chimodzi, chomwechonso cha njinga za mauntini, ndipo n'chonenepa, chimapirira fumbi. Pa zipangizo za kampani ya Shimano, kawirikawiri mtundu wa Claris ndi wa magiya 8, Sora ya 9, Tiagra ya 10, ndipo mukamakwera tcheni chimawonda, mtengo umakwera, kupezeka kwake kumavuta. Chodula kwambiri ndi zogwirira zija zophatikiza buleki ndi giya pamodzi. Zikathyoka m'kati sizikonzeka, ndipo zatsopano zimatha kuyandikira mtengo umene mudagulira njinga yonse. Ziyeseni giya iliyonse, kukwera ndi kutsika. Zina zimangokhala kuti girizi wakale wauma ndipo zimadzuka mukazitsuka, koma musalipire ngati zabwino musanaone zikugwira. Tizitsulo takale tosinthira giya tokhala pa paipi ya fulemu musatinyoze: mulibe chothyoka, ndipo timagwira ndi mano a mtundu uliwonse. Imaninso kumbuyo kwa njinga muone ngati chosinthira tcheni chalunjika pansi. Chikapendekera ku masipoko, kachitsulo kochikoleka kapindika, ndipo tsiku lina chidzalowa m'wilo n'kuthyola zonse. Pa fulemu ya aluminiyamu kachitsulo kameneka kamakhala ka mtundu wakewake, kovuta kukapeza.

Kuno kunyanja n'kwachidikha, makilomita 20 a ku Senga Bay mutha kuwapalasa ndi giya iliyonse. Koma Salima ali pa mamita pafupifupi 500 pomwe Lilongwe ali pamwamba pa 1,000, ndipo zitunda za pa msewu wa M14 wopita ku Lilongwe cha ku Mvera sizichitira chifundo munthu wa njinga ya magiya a mano 52 ndi 42 kutsogolo, lalikulu la kumbuyo la mano 23, monga zimabwerera njinga zambiri zakale. Funani ya 50 ndi 34 kutsogolo, kumbuyo kufika 28 kapena 32. Magiya opepukawa mudzawathokozanso miyezi ya Juni ndi Julayi, pochokera ku Nkhotakota kulowera ku Benga ndi Khombedza mwera ukukuwombani pamaso ulendo wonse.

Musanakwere kukayesa, dziwani dzanja limene likugwira buleki ya kutsogolo. Njinga za ku Japan ndi ku Britain nthawi zambiri ndi lamanja, za maiko ena a ku Ulaya ndi America ndi lamanzere, ndipo kufinya yolakwika mwadzidzidzi kumamuponya munthu pamwamba pa mahandulo. Onaninso kuti timikono tomangira mawilo tatsekedwa molimba. Poyesapo imirirani pa mapedulo mupondeponde mwamphamvu, mumve ngati tcheni chikudumpha kapena pali kulira kwa teketeke, ndipo pamalo opanda magalimoto pepukitsani manja muone ngati njinga ikuyenda molunjika.

Za njinga zatsopano zotchipa zongofanizira maonekedwe a mpikisano ndinene mwachidule. Ikolekeni pa sikelo ya mbedza ya ogula chimanga. Yakale yabwino ya chitsulo imalemera makilogalamu 10 mpaka 12. Yatsopano yofika 15, ya zogwirira buleki za pulasitiki ndi mabuleki a chitsulo chopyapyala chopindika ndi dzanja, ndi yolemera pachabe ndipo siichedwa kugwedera paliponse.

Mitengo sinditchula chifukwa zipangizozi n'zochokera kunja, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa lero si wa mawa. Langizo langa ndi lakuti pa ndalama zimene mwasunga, gawo limodzi mwa magawo anayi lisapite kwa wogulitsa. Njinga yokhalitsa m'nyumba yosungira katundu imabwera ndi matayala osweka m'mbali, malabala a buleki ouma ngati mwala ndi mawaya a dzimbiri, ndipo zonsezi n'zosintha sabata yoyamba. Pa ndalama yomweyo pachoke machubu awiri apadera, zigamba ndi guluu, pampu, makiyi a makona asanu ndi limodzi a mamilimita 4, 5 ndi 6, chipewa choteteza mutu, ndi nyali yofiira ya kumbuyo. Pa M5 pamadutsa malole a shuga ochokera ku Dwangwa ndi mabasi, milatho ina ndi yopapatiza, ndipo wapanjinga wopanda nyali madzulo saoneka.

Musatumize ndalama pa foni chifukwa cha chithunzi cha pa Facebook kapena WhatsApp. Njinga igwireni ndi manja, masana, muli ndi mmisiri amene mwamusankha nokha. Pansi pa fulemu, pa mapedulo, pamakhala nambala yodindidwa. Ikakhala yopalidwa kapena yokwiriridwa ndi penti wokhuthala, bwererani, chifukwa kupezeka ndi katundu wobedwa ndi mlandu ndipo njinga idzalandidwa ndalama osabwerera. Lemberanani kalata yokhala ndi maina, manambala a ziphaso za unzika, nambala ya fulemu, ndalama ndi tsiku, mboni ziwiri zisayine.

Mukafika nayo kunyumba, vulani matayala muone lamba wophimba mabowo a masipoko m'kati mwa limu. Mpweya wamphamvu umakankhira chubu m'mabowo amenewa ngati lambayo ndi wa mphira wofewa kapena wasuntha. Chubu akabooka muziwerenga bala lake: bowo limodzi kunja ndi munga kapena galasi, ndipo mulifufuze m'tayala musanabwezeretse, awiri oyandikana ndi mpweya wochepa, la m'kati moyang'ana limu ndi lamba uja. Povula tayala musagwiritse sikuludiraiva, imatsina chubu ndi kukanda limu. Oilo wakuda wotsala mu injini musamuthire pa tcheni, chifukwa amakoka mchenga wa kuno n'kusanduka phala lopera tcheni ndi mano omwe. Tsukani ndi parafini, chiume, dontho limodzi la oilo wopepuka pa pini iliyonse, kenako pukutani ndi kansalu mpaka kunja kuume. Ndipo musakaitsukire m'nyanja, madzi amalowa m'mahabu n'kutsuka girizi.

Kudzera mwa inu, Akonzi, ndipemphe eni masitolo a zipangizo za njinga pa Kamuzu Road, pa boma la Nkhotakota ndi ku Dwangwa kuti pokaoda katundu aziikako matayala a 28-622 ndi 32-622, machubu a vavu ya Presta, tizitsulo tolumikizira pampu, mawaya a giya ndi tcheni cha magiya 8, ngakhale zochepa chabe poyamba. Pa shelefu azilembanso nambala ya limu, 622, 630 kapena 635, osati mainchi okha, kuti mnyamata wochokera ku Thavite kapena ku Chipoka asamalipire basi kawiri chifukwa cha tayala losalowa.

Mmisiri wa njinga,
Salima